Kaseti Yopanda Deti

1

Dzina langa ndine Tamsin. Sindine munthu wolankhulalankhula. Kusukulu aphunzitsi ena ankamaliza chaka chonse osadziwa kuti mawu anga amamveka bwanji. Ndiye zomwe zandikanika kunena ndi pakamwa ndazilemba, ndipo ndikamazungulira mundipirire.

M'nyumba mwathu m'tauni ya Stroud muli chipinda chimodzi chomwe simugona munthu. Mumagona makaseti oposa chikwi chimodzi, ndipo onsewo ndi a bandi imodzi, Saturn Ferry. Bandiyi inayamba adadi ali kamwana, ndipo mpaka pano ikuimbabe. Nyimbo imodzi imatha mphindi makumi awiri, magitala akulira ngati chombo chikunyamuka kupita kumwezi. Oimba ake alowa ndi kutuluka oposa makumi anayi, moti okonda bandiyi safunsana kuti umaikonda kapena ayi. Amafunsana kuti, "Ndiwe wa nthawi iti?"

Adadi ndi a nthawi ya Rufus, woimba lipenga la sakisi wa m'ma 1970. Amami ndi a nthawi ya Marnie, mayi wa vayolini yemwe anaimba kuyambira 1989 mpaka 1993. Nawonso ankolo Dermot, mnzawo wa adadi wa kuyambira paunyamata, ndi a Marnie. Lamlungu lililonse ankabwera kudzadya nafe nkhomaliro, ndipo mkangano unali womwewomwewo.

"Vayolini ija inkalira ngati mphaka wopanidwa ndi chitseko," ankatero adadi.

"Iwe Alwyn, nanga Rufus wakoyo? Munthu ankauzira sakisi ngati akuthamangitsa ng'ombe m'munda."

"Ng'ombezo zinkavina, aise."

"Idyani mbatata zisanazizire, madala inu," ankatero amami, akuseka.

Kuseka kwa amami aliyense amakudziwa. Kumayamba pansipansi, kenako kumaduka ngati munthu wagwidwa ndi chidikwidikwi.

Adadi ali ndi mphatso imodzi yomwe inawapatsa dzina m'dziko lonse la okonda bandiyi. Mukawaikira kaseti iliyonse ya konsati, amatsinzina, kumvera mphindi imodzi, kenako amakuuzani chaka, mwezi ndi tauni. Amazindikira ndi kagwiridwe ka woimba gitala ya besi, ndi kuthamanga kwa ng'oma, ndi ndani akuimba mawu apansi. Zaka makumi awiri sanaphonyepo. Munthu wofatsa, wogwira ntchito yokonza magetsi, koma pa nkhani imeneyi yokha amayenda chotukumula chifuwa.

2

Nditamaliza mayeso mu Juni 2016, ndinalibe kopita. Anzanga ankapita kunyanja, ine ndinalibe wondiitana. Adadi anandipatsa ntchito.

"Makasetiwa akukalamba ngati ine. Uziwasamutsira mu kompyuta imodziimodzi. Zabwinozo uziika pa tsamba lathu, anthu amveko."

Tsambalo ndi la pa intaneti, pomwe okonda bandiyi amagawana nyimbo ndi kukangana. Adadi salowapo kawirikawiri. Amati kompyuta imawononga khutu.

Ntchitoyo ndinaikonda. Ndinkavala mahedifoni m'mawa, adadi ndi amami akangotuluka, n'kumamvera. Makaseti amenewa anajambulidwa ndi anthu wamba, maikolofoni atabisa m'jekete, ndiye pakati pa nyimbo umamva zonse: wina akufunsa machesi, wina akudandaula kuti wapondedwa phazi. Ndinkakonda timawu timeneti kuposa nyimbo zenizenizo.

Kaseti iliyonse inali ndi deti yolembedwa ndi dzanja la adadi, zilembo zowongoka ngati za pa chikwangwani. Sabata yachitatu ndinapeza imodzi yopanda kalikonse. Pepala lake linali loyera mbee. Pomwe ndinaipeza ndinena kutsogoloku, sindinakonzekebe.

Inali konsati yokoma, vayolini ya Marnie ikumveka bwinobwino. Nyimbo yachinayi itatha, anthu akuomba m'manja, ndinamva mawu a mwamuna pafupi penipeni ndi maikolofoni.

"Khala chete, Lorna, ndikujambula."

Kenako mawu a mkazi. "Jambula. Dzanja lakolo lisachoke pamenepo, Dermot. Lero sindibwerera kunyumba."

Kenako kuseka kuja, koyamba pansipansi n'kuduka.

Lorna ndi amami. Izi pazokha sizinali zodabwitsa. Aliyense amadziwa kuti asanakwatiwe ndi adadi mu 1995, amami anali chibwenzi cha ankolo Dermot. Imeneyi ndi nthabwala ya pa tebulo: ankolo amati adadi anawabera mkazi ndi makaseti awiri, ndipo chomwe chimawapweteka ndi makasetiwo.

Tsiku lomwelo ndinaika konsatiyo pa tsamba, yonse, osadula kalikonse. Pamwamba ndinalemba kuti, "Yopanda deti. Angadziwe ndani?"

3

Pofika m'mawa anthu makumi asanu anali atayankha. Ambiri ankaseka.

"Ameneyo ndi Lorna wathu, palibenso wina amaseka choncho!"

"Dermot, dzanjalo linali pati, mkulu?"

Kenako analemba a Neville. A Neville anali mphunzitsi wa masamu asanapume pa ntchito, ndipo ali ndi buku lomwe analembamo konsati iliyonse ya bandiyi. Akhala akufuna kuwapeza adadi ataphonya kuyambira ndisanabadwe.

"Tisathamange," analemba choncho. "Nonse mukuti ndi 1992 kapena 1993 chifukwa muli vayolini. Mwaiwala kuti Marnie anabwereranso makonsati atatu okha mu Novembala 1998, ndipo a masiku amenewo palibe kaseti ndi imodzi yomwe yodziwika. Besi ikumveka patali, ine sindingathe kugamula. Ngati woimba besiyo ndi Pugh, amene amaimba ndi zala, ndi 1993. Ngati ndi Sid, wogunda mawaya ndi kapulasitiki, yemwe anakhala m'bandi miyezi isanu yokha, ndi 1998, ndipo tapeza chuma. Loweruka la sabata yamawa tili ndi msonkhano wathu wa pachaka. Tikamuikire Alwyn, khutu lake litiuze."

Ndinawerenga katatu.

Mu Novembala 1998 amami anali atakhala pa banja zaka zitatu. Adadi nthawi imeneyo ankagwira ntchito pa sitima yoyala mawaya pansi pa nyanja. Anachoka mu Okutobala, anabwera Khirisimasi itayandikira. Amakonda kunena kuti ndi makonsati okhawo a Saturn Ferry omwe nyanja inawalanda.

Ine ndinabadwa mu Ogasiti 1999.

Ndinathamangira pa kompyuta kukachotsa konsatiyo. Inachoka, koma pambali panalembedwa kuti anthu mazana atatu anali ataikopera kale. Patangopita ola limodzi a Neville anaiikanso, ndi mawu akuti, "Mwanayo wadina polakwika, musadandaule, ine ndinasunga."



4

Masiku asanu ndi atatu amenewo sindikudziwa kuti ndinawadutsa bwanji. Foni ya adadi ikalira, ndinkasiya zonse n'kutchera khutu. Koma mwambo wa msonkhanowo unanditeteza pang'ono: adadi samvera kaseti ya mayeso tsiku lisanafike, ndipo anzawo saloledwa kuwauza chilichonse. Amami nawo tsambalo sankalidziwa n'komwe khomo lake.

"Akuti wandipezera ntchito, Tam," anatero adadi pa chakudya cham'mawa, akupaka jamu pa buledi. "Neville wandiimbira, mawu ake ngati mwana wapatsidwa njinga. Ndi kaseti iti?"

"Ina yake basi. Yopanda deti."

Mpeni unaima pa buledi kanthawi kochepa. Kenako unapitiriza.

"Usandiuze zambiri," anatero. "Angati ndabera."

Amami anandigwira pachipumi. "Iwe sukudya masiku ano. Ndi mnyamata?"

"Ayi, amami."

"Akakhala mnyamata, umufunse kaye kuti ndi wa nthawi iti. Ine ndinalakwitsa, ndinakwatiwa ndi wa Rufus."

Anaseka. Ndinayang'ana m'kapu ya tiyi.

Lamlungu ankolo Dermot sanabwere ku nkhomaliro, anati m'mimba. Lachitatu masana ndikuchokera kogula mkaka ndinapeza galimoto lawo litaima pa kona ya msewu wathu. Anatsitsa windo. Nkhope yawo inali yotuwa, ndevu zosameta.

"Lowa kaye, mwana wanga."

Mawu amenewo anawanenapo kambirimbiri, koma tsiku limenelo anandilasa. Sindinalowe. Ndinaima panja, botolo la mkaka ndalikumbatira.

"Unaipeza kuti kaseti ija?"

"M'chipinda cha adadi."

"Cha adadi ako?" Anagwira chiwongolero ndi manja onse awiri. "Ayi. Ayi, sizingatheke. Ili kwathu, m'bokosi la nsapato, sinatulukepo."

"Ndiye zilipo ziwiri, ankolo."

Milomo yawo inayenda ngati akuwerengera. Kenako anatsinzina.

"Mulungu wanga. Bokosi la Khirisimasi." Sanandifotokozere. Anangoti, "Mayi ako akudziwa?"

"Ayi."

"Usapite Loweruka. Unene kuti wadwala, mayi ako atsale akudwazika."

"Ankolo, ndi 1993, eti?"

Anandiyang'ana nthawi yaitali, kuyambira tsitsi mpaka chibwano, ngati akufunafuna kanthu pa nkhope panga. Kenako anakweza windo n'kunyamuka.

Lachisanu ndinayesadi. Ndinagona pabedi ndikubuula. Amami anabwera ndi mankhwala, anandiyeza kutentha, n'kupukusa mutu.

"Ulibe kanthu iwe. Manyazi ako omwewo. Ine masangweji mazana awiri ndiwapanga ndi ndani? Dzuka."

Pamenepo ndi pomwe ndikanawauza. Tinali awiri, chitseko chotseka. Ndinatsegula pakamwa, koma chomwe chinatuluka n'chakuti, "Tchizi ili mufiriji?"

5

Msonkhanowo umachitikira mu holo ya kumbuyo kwa tchalitchi, kuyamba 1 koloko masana chifukwa ambiri masiku ano safuna kuyendetsa galimoto kukada. Kunabwera anthu pafupifupi zana, imvi zomangidwa kumbuyo, majekete odzaza zigamba za bandi, ena ndi ndodo zoyendera. A Rufus anakhala kumanzere, a Marnie kumanja, a nthawi zatsopano kumbuyo pafupi ndi khomo chifukwa palibe amawawerengera. Ine ndi amami tinali pa tebulo la tiyi. Ankolo Dermot anakhala pa mpando wakumapeto, chipewa chili pamaondo.

Itakwana 3 koloko a Neville anaomba m'manja.

"Abale ndi alongo, ndi inu a kumbuyoko, nthawi yakwana. Alwyn, pampando!"

Adadi anakhala pa mpando pakati pa masipika awiri, anthu akuimba mluzu. Anavula magalasi, n'kutsinzina. A Neville anadina.

Anayambira pa nyimbo yachinayi. Vayolini inakwera, a kumanja anakuwa. Pansi pake besi inkagunda patali. Ine sindinkayang'ana kwina koma nkhope ya adadi. Sinasinthe. Chala chawo chokha chinkagogoda pa bondo, kenako chinaleka.

Nthawi zonse amakweza dzanja mphindi imodzi isanathe. Tsiku limenelo anakweza mochedwa, nyimbo ikutha, ndipo a Neville anachita ngati sanaone.

"Dikira kaye, pali kabonasi," anatero. Mawu aja anatuluka m'masipika.

"Khala chete, Lorna, ndikujambula."

Holo yonse inaphulika ndi phwete mawu a amami asanathe. Wina anakuwa, "Dzanja, Dermot, dzanja!" Anthu anatembenukira ku tebulo la tiyi, akuomba m'manja.

Amami anali akuthira tiyi. Kapu inadzaza, tiyi n'kusefukira m'sosa, n'kuyenderera pa nsalu ya tebulo. Sanaleke mpaka ndinawagwira mkono. Mkonowo unali wouma ngati mtengo.

"Chabwino, chabwino," anatero a Neville. "Alwyn, tiuze. Pugh kapena Sid?"

Adadi anatsegula maso. Anavala magalasi mosafulumira. Sanayang'ane amami, sanayang'ane ankolo. Anayang'ana ine.

"Pugh," anatero. "Malichi 1993. Leicester."

Ena anaomba m'manja. Koma a Neville anali atatsegula kale buku lawo.

"Pepa, mkulu. Ku Leicester nyimbo imeneyi sanaimbe. Ndili ndi mndandanda pano."

"Mndandanda wako ndi wolakwika."

"Ndipo pa masipika awa besi ikumveka bwino kuposa kunyumba kwanga. Tamverani kukhetemula uko. Zala sizilira choncho, Alwyn. Ndi kapulasitiki. Aliyense akumva."

Kumanzere, pakati pa anzawo enieni a adadi, anthu anayamba kunong'onezana. Mdala wina anati, "Ndi Sid ameneyo, ngakhale ine wogonthane ndikumva."

"Ndati Pugh," anatero adadi, mawu ali phee.

"Tifunse mwini wake," anatero a Neville. "Dermot, unajambula ndiwe. Kunali kuti?"

Ankolo Dermot anaimirira, chipewa chinagwa pansi.

"Leicester," anatero. "Alwyn wanena zoona."

"Taonani zodabwitsa!" anakuwa wina. "Dermot wavomereza za Alwyn! Lembani deti!"

Anthu anasekanso, koma kuseka kwake kunali kochepa. A Neville anayang'ana buku, anayang'ana adadi, kenako anayang'ana ku tebulo la tiyi. Ndinaona mphunzitsi wa masamu akuwerengera, ndipo ndinaona pomwe anapeza yankho. Anatseka bukulo pang'onopang'ono.

"Khutu limakalamba," anatero motsitsa. "Tisiye pomwepa. Kuli masangweji."

Nditatembenuka, amami panalibe. Epuloni yawo inali pa mpando.

6

Ndinawapeza adadi panja, poimika magalimoto, atatsamira vani yawo. Dzuwa linali likadali m'mwamba. Ankayang'ana makiyi m'manja mwawo.

"Mayi ako akwera basi," anatero. "Ndawaona. Asiye kaye."

"Adadi."

"Bristol," anatero, osandiyang'ana. "Pa 14 Novembala 1998. Sid pa besi, waya wake wachitatu atakhwefuka pang'ono. Konsati yabwino kwambiri ya Marnie pa moyo wake wonse, ndipo amene akunena izi ndi munthu wa Rufus."

Ndinakhala pansi pa simenti.

"Munkadziwa?"

"Kuyambira Khirisimasi ya chaka chomwecho. Ife tili ndi lamulo: mnzako akaphonya konsati, umamukopera. Nditabwera kunyanja Dermot anandipatsa bokosi la zonse zomwe ndinaphonya. Anakopera mulu wonse tsiku limodzi, makina akuyenda okha iye akuonera mpira. Chitsiru chija sichinamvere n'komwe zomwe chikundipatsa."

"Bwanji simunaitaye?"

Anandiyang'ana ngati ndafunsa chifukwa chake sanawotche nyumba.

"Marnie ndi Sid pamodzi, Tam. Palibenso ina padziko lonse." Anaseka kuseka kosakoma. "Ndinaigwira pamwamba pa bini kawiri. Dzanja linakana. Chomwe ndinakwanitsa ndi kusalembapo deti."

Tsopano ndinene chomwe ndakhala ndikuzengereza. Kasetiyo sinali m'bokosi la zotayika kapena pansi pa shelefu. Adadi amaika makaseti awo motsatana, chaka ndi chaka, mwezi ndi mwezi. Yopanda detiyo inali pamalo pake penipeni, pakati pa Okutobala 1998 ndi Febuluwale 1999. Ndinaona zimenezo ndisanaimvere. Nditamva mawu a amami ndinawerengera miyezi ndi zala, kawiri, ndili m'chipinda momwemo. Sindinaike pa tsamba mwangozi kapena mwaumbuli. Ndinkafuna wina andiuze kuti ndalakwitsa, kuti inangoikidwa polakwika, ndipo ndinkaopa kufunsa anthu atatu okha omwe ankadziwa. Ndinafunsa anthu mazana atatu m'malo mwake, chifukwa iwowo sindikanawayang'ana m'maso.

Ndinawauza adadi zonsezi ndili pansi pomwepo, ndikuyang'ana nsapato zawo. Ndi mawu ambiri kuposa onse omwe ndinawalankhulapo kwa iwo nthawi imodzi.

Sanakalipe. Bola akanakalipa. Anakhala pansi pambali panga, maondo akulira.

"Unali m'chipinda choyandikana ndi changa masiku onsewa," anatero. "Ukanangogogoda."

"Ndine wa ndani, adadi?"



"Sindikudziwa. Ndinabwera pa 19 Disembala, iwe unabadwa kumapeto kwa Ogasiti, adokotala anati mwina wafulumira, mwina ayi. Deti ya kaseti ndimaidziwa ndisanafune n'komwe, khutu limangondiuza. Iyi ndi imodzi yomwe ndinali ndi ufulu wosaifufuza, ndipo sindinaifufuze. Ukafuna kukayezetsa magazi, ndikuperekeza ndekha, ndikadikira panja. Koma pepalalo ukawerenge wekha. Ine usandiuze."

Ndinalira mpaka malaya awo ananyowa paphewa. M'holo munayambanso nyimbo, ya nthawi ya Rufus, koma sanadzuke kukamvera.

7

Amami anapita kwa achemwali awo ku Cardiff. Ine ndinkaganiza kuti athawa manyazi a zomwe anachita. Nditawaimbira, sabata yachiwiri, ndinapeza kuti si zokhazo.

"Zaka khumi ndi zisanu ndi ziwiri, Tamsin," anatero. "Ine ndikudzuka m'mawa uliwonse ndi mantha kuti lero adziwa. Iye akudziwa, akundipangira tiyi, chinthucho chili pa shelefu kuseri kwa khoma la kuchipinda kwathu. Ndimuthokoze kapena ndimumenye?"

"Ndine ndinalakwa, amami."

"Unalakwa, inde. Koma unapeza zolakwika kale."

Ankolo Dermot sanabwerenso Lamlungu. Pa tsamba nkhani sinathe. A Neville anakhala chete, koma ena anatenga konsatiyo n'kuiyeza ndi makina, kuchedwetsa besi, kuyerekeza ndi makaseti ena. Onse anapeza chimodzimodzi. Sananene za amami, mwina ena sanalumikize, mwina anachita ulemu. Ananena za adadi. "Alwyn watha." "Kodi zakale zija sankangolota?" Wina anapempha kuti madeti onse omwe adadi anaperekapo aunikidwenso. Adadi anasiya kulowa m'chipinda cha makaseti. Ankabwera kuntchito, kudya, kukhala pa mpando manja ali pamaondo. M'nyumba mwathu munali chete koyamba chibadwire changa, ndipo chete ameneyo ndinkamuopa kuposa phokoso lililonse.

Amami anabwera patapita masabata asanu, Loweruka m'mawa, ndi chikwama chimodzi. Sanavule n'komwe jekete.

"Tamsin, tsegula kompyuta. Ndionetse zomwe akunena."

Anawerenga zonse, kuyambira pamwamba mpaka pansi, milomo ili yomata. Adadi anaima pakhomo la khitchini ndi kansalu kopukutira mbale.

"Lorna, zisiye. Aiwala."

"Anthu awa? Amakumbukira mtundu wa masokosi a Rufus mu 1974." Anandikankha pang'ono. "Suntha. Ndimalemba pati?"

Analemba ndi chala chimodzi, pang'onopang'ono, ine ndikuwerenga paphewa pawo.

"Ndine Lorna. Kunali ku Bristol, pa 14 Novembala 1998, ndipo ndinali mkazi wa mwini. Alwyn anadziwa besi isanamalize mzere woyamba. Sanaphonye. Ananama, ndipo ananamira ine. Wofuna kuseka aseke ine. Madeti ake muwasiye."

"Ukadina, sichibwerera," anatero adadi. "Funsa mwanayu."

Amami anatembenuka kundiyang'ana. "Iwe zikukhudza kuposa tonse. Ndidine?"

Ndinaganiza za anzanga akusukulu, za anthu zana aja, za ankolo akundiyang'ana nkhope. Koma kanali koyamba munthu kundifunsa maso ndi maso, ndipo ndinayankha ndi pakamwa panga.

"Dinani."

Anadina. Kenako anavula jekete, n'kulikoleka kuseri kwa chitseko, pamalo pake.

Inu amene mwawerenga mpaka pano, mwina mukudikira kuti ndikuuzeni zotsatira za magazi. Sindinapite. Mwina ndidzapita ndikadzakula, mwina ayi. Sindikuuzaninso kuti zonse zili bwino: amami ndi adadi amalankhulana mosamala ngati anthu onyamula galasi lalikulu pa masitepe, ndipo ndikakumana ndi ankolo Dermot m'tauni tonse timayang'ana m'mashopu. Chomwe ndikufuna kuti mutenge n'chaching'ono. Ngati muli amanyazi ngati ine, mudzaona ngati kufunsa gulu la anthu osawadziwa n'kosavuta kusiyana ndi kufunsa munthu mmodzi wa m'nyumba mwanu. N'kosavutadi, kwa mphindi imodzi yokha. Kenako funso lanu limakhala la aliyense, ndipo amene amalipira ndi yemwe uja munkaopa kumupweteka. Ine ndinaona bambo akutaya dzina lawo pamaso pa anzawo onse, ndinaonanso mayi akutaya lawo kuti abweze la bamboyo. Zonsezo chifukwa ndinalephera kunena mawu anayi kwa munthu amene ankandipakira jamu pa buledi.